SIKELO YA PHOKOSO ISAKHALE M'MANJA MWA MUNTHU MMODZI



Makina afika kumidzi kwathu, ndipo sadzabwereranso. Chigayo chili pa msika uliwonse. Kumene kukumangidwa msewu, phiri lapafupi lisanduka kwale, ndipo miyala iphulitsidwa dzuwa lili paliwombo. Kwina kwatsegulidwa migodi, kwina magalimoto olemera adutsa pakhomo pa anthu usiku wonse. Zinthu izi tidazifuna tokha, pakuti palibe mayi wolakalaka kubwerera ku mtondo ndi munsi, ndipo palibe mlimi wokana msewu wabwino. Walira mvula walira matope. Tsono matope a mvula imeneyi ndi awiri: phokoso logonthetsa makutu, ndi kugwedezeka kwa nthaka kong'amba makoma.

Madandaulo ake tonse tidawamva. Wina ati mnyamata wake wa ku chigayo sakumvanso bwino. Wina ati khoma la nyumba yake lachita mng'alu chiyambire kuphulitsa miyala. Akapita nawo kwa eni ntchito, yankho likhala limodzi: "Umboni wanu uli kuti?" Ndipo munthu abwerako chimanjamanja, pakuti mawu okha sapambana mlandu.

Nkhani yanga lero ndi imodzi. Phokoso limayezedwa, kugwedezeka nakonso kumayezedwa, monga momwe chimanga chiyezedwa pa sikelo. Chotero ife a kumudzi tiyenera kuumirira kuti muyeso uchitike ntchito isanayambe, uchitike ife tili pomwepo, ndipo manambala ake alowe m'buku lathu. Palibe mlimi wofuna kuphunzitsidwa za sikelo. Tonse tidziwa chimene chichitika pamene wogula agwira sikelo yekha, naitembenuzira kwa iye mwini, nanena kuti thumba lako ndi makilogalamu 45 iwe ukudziwa kuti ndi 50. Sikelo ya phokoso nayo ili chimodzimodzi.

PHOKOSO AMALIYEZA BWANJI?

Phokoso ndi mpweya wonjenjemera. Mukaomba ng'oma, chikopa chinjenjemera nichikankha mpweya, ndipo mpweyawo ufika m'khutu nukankha kachikopa kopyapyala kali m'katimo. Chipangizo choyezera phokoso chidatengera khutu. Kunsonga kwake kuli maikolofoni yokhala ndi kachitsulo kopyapyala koposa tsamba. Mpweya ukakakankha, kunjenjemera kwake kusanduka mphamvu ya magetsi, ndipo chipangizo chionetsa nambala. Munthu amachinyamula ndi dzanja limodzi.

Muyeso wake amautcha desibelo, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell, uja wa lamya. Anthu awiri ocheza pakhonde ali pa madesibelo ngati 60. Koma chenjerani, abale, pakuti sikelo iyi siwerenga monga ya chimanga. Nambala ikakwera ndi 3 yokha, mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri. Ikakwera ndi 10, mphamvu yawirikiza kakhumi. Zigayo ziwiri zolira pa 90 chilichonse, mukaziika pamodzi, sizifika 180 iyayi, zifika 93. Motero munthu akadzakuuzani kuti, "Tapitirira malire ndi madesibelo 3 okha, palibe kanthu," mudziwe kuti wapitirira kawiri.

Nanga malirewo ndi ati? Mu 1998 bungwe la boma la America loona za thanzi la anthu pa ntchito, lotchedwa NIOSH, lidalangiza kuti munthu asakhale m'phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola 8 pa tsiku. Phokoso likafika 88, nthawi itsike kufika maola 4. Likafika 91, maola 2. Likafika 94, ola limodzi. Likafika 100, mphindi 15 zokha. Ofufuza amene adayeza zigayo za chimanga mu Africa muno adapeza kuti phokoso lake kawirikawiri lipitirira 90. Tsono taganizani za mnyamata wothira chimanga m'chigayo kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Amene aloledwa maola 2 akhala maola 10.

KHUTU SILIPHUKANSO

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo munthu abadwa ndi timaselo tokhala ndi tiubweya pafupifupi 16,000, ndipo ndito titumiza mawu ku ubongo. Phokoso lalikulu limatigwetsa monga mphepo igwetsa chimanga m'munda. Poyamba timadzukanso munthu akapuma usiku. Koma tikagwetsedwa tsiku ndi tsiku timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe dotolo kapena sing'anga wokhoza kutibweza. Madzi akatayika saoleka.

Choipa china n'chakuti matendawa sapweteka. Munthu ayamba kumva kulira m'makutu ngati nyenje akaweruka ku ntchito. Pambuyo pake mawu a ana ayamba kumsokoneza, ndipo pa msonkhano amva kuti anthu akulankhula koma satola chimene anena. Podzazindikira, zaka zapita.

Ife Amalawi phunziro ili tidalilipira kale. Cha m'ma 1973 anthu athu oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ambiri atapita kudzera ku Wenela. Makina oboolera thanthwe pansi pa nthaka amalira kupitirira madesibelo 100. Agogo athu adabwerako ku Joni ndi bulangete, sutikesi ndi njinga, koma ena adasiya makutu awo komweko. Kumudzi tidangoti akalamba. Lero ku South Africa kugontha kotere kuwerengedwa ngati matenda a pa ntchito oyenera chipukutamisozi. Ndipo umboni wake aupeza bwanji? Ayeza makutu a munthu polowa ntchito, nayezanso pambuyo pake, ndipo kusiyana kwa miyeso iwiriyo ndiko kulankhula. Wopanda muyeso woyamba avutika kusonyeza chimene adataya. Gwirani mawu amenewa, pakuti tibwereranso kwa iwo.

Muyeso utiuzanso pomanga chigayo. Pabwalo popanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso litsika ndi madesibelo ngati 6. Ngati pa mamita 10 lili 80, pa mamita 20 likhala ngati 74, ndipo pa mamita 40 likhala ngati 68. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza mu 1999 kuti phokoso losokoneza m'kalasi lisapitirire 35, kuti ana amve aphunzitsi bwino. Kodi mfumu yopereka malo a chigayo kuseri kwa sukulu ikadadziwa manambala awa, ikadavomera?

KUGWEDEZEKA KWA NTHAKA

Tsopano tibwere ku nkhani ya makoma. Pophulitsa thanthwe, mphamvu ina iswa mwala, koma ina ithawira m'nthaka ngati mafunde a m'dziwe mukaponyamo mwala. Mafundewo akafika pa nyumba aigwedeza kuchokera pansi.

Chipangizo choyezera mafunde amenewa amachikhomera m'nthaka pafupi ndi khoma. M'kati mwake muli maginito ndi waya wopombeza wolendewera pa sipuling'i. Nthaka ikagwedezeka, maginito ayenda pamodzi nayo, koma waya atsalira pang'ono, ndipo kusemphana kumeneku kubala magetsi, monga ichitira dayinamo ya njinga. Chipangizo chilemba zinthu ziwiri: liwiro la kugwedezeka, m'mamilimita pa sekondi, ndi kuchuluka kwa maulendo amene nthaka yagwedezeka pa sekondi imodzi.

Chachiwirichi musachipeputse. Nyumba iliyonse ili ndi kagwedezekedwe kake, monga katungwe. Mukamkankha mwana pa katungwe molingana ndi kayendedwe kake, apita kutali ndi mphamvu yochepa. Mukamkankha mothamanga mosalingana, sapita patali. Nyumba zing'onozing'ono zimavomera kugwedezeka kwa maulendo ochepa, cha pakati pa 4 ndi 12 pa sekondi. N'chifukwa chake mafunde a maulendo ochepa ndiwo oopsa kwa makoma.

Mu 1980 ofesi ya boma la America yoona za migodi, itayeza nyumba zambiri zoyandikana ndi migodi, idati nyumba zopaka pulasitala zisagwedezedwe kupitirira mamilimita 12.7 pa sekondi ngati maulendo ali ochepa, koma idalola mpaka cha m'ma 50 ngati maulendo apitirira 40 pa sekondi. Ku Germany malire ndi otsika: mamilimita 5 pa sekondi pa maziko a nyumba zogonamo anthu pamene maulendo ali ochepa, ndi mamilimita 3 pa nyumba zosalimba.

Taonani kusiyana kwake! Dziko lina liti 12.7, lina liti 5. Ndipo manambala onsewa adatengedwa pa nyumba za kwawo, zokhala ndi maziko, zomangidwa ndi matabwa kapena njerwa ndi simenti. Nanga zathu za zidina, zomangira dothi, zambiri zopanda maziko enieni? Chotero injiniya akadzaimirira pa msonkhano nati, "Tili pansi pa malire," musaombe m'manja msanga. Mufunseni mwaulemu: "Bambo, malire a dziko liti? Oyezedwa pa nyumba za mtundu wanji?" Kenaka muumirire kuti pa midzi ya zidina atenge nambala yotsika. Safunsa adadya phula.

Ndipo asakuuzeni kuti palibe chimene angachite. Wophulitsa aliyense wophunzira adziwa kuti zophulitsira siziyenera kulira zonse nthawi imodzi. Amazigawa m'maenje ambiri, dzenje lililonse lilira lokha pambuyo pa linzake, motalikirana kanthawi kochepa koposa kuphethira kwa diso. Thanthwe lisweka ndithu, koma nthaka ilandira nkhonya zing'onozing'ono m'malo mwa imodzi yaikulu. Kugwedezeka kuli m'manja mwake, ndipo adzakuchepetsa akadziwa kuti pali wina amene akuwerenga.

SIKELO ILIBE MBALE

Apa ndinene mawu amene ena sadzawakonda. Muyeso sudzatikomera nthawi zonse. Thupi la munthu limamva kugwedezeka kochepa kwambiri, kosafika ndi milimita imodzi pa sekondi, kutali ndi kumene khoma liyamba kung'ambika. Mbale zikhoza kulira m'nyumba, malata n'kuchita phokoso chifukwa cha mphepo ya kuphulikako, koma khoma osavulala. Ndiponso ming'alu ili ndi makolo ambiri. Dothi la makande lifufuma m'dzinja nkung'aluka m'chilimwe, ndipo nyumba iyenda nalo. Chiswe chidya pansi. Madzi a padenga akumba m'tsinde mwa khoma. Dziko lathu lilinso pa chigwa cha zivomezi. A ku Salima akumbukira cha mu 1989, ndipo a ku Karonga akumbukira za mu December 2009.

Motero tsiku lina manambala adzati mng'alu wa uje sudachokere ku kwale. Tsikulo tidzavomere, pakuti mlimi wofuna sikelo yoona sathira miyala m'thumba lake. Tikayamba kukankhira kampani mng'alu uliwonse, ndi wa makedzana womwe, mawu athu adzapepuka, ndipo mnzathu wolakwiridwa zenizeni adzasowa womumvera.

Njira yolekanitsa zoona ndi zonama ndi yomwe ija ya makutu a ku Joni: muyeso woyamba. Kuphulitsa kusanayambe, nyumba iliyonse yapafupi iyenderedwe, khoma lililonse lijambulidwe, mng'alu uliwonse ulembedwe. Pothera mng'alu pajambulidwe kamzere ndi pensulo, ndi tsiku lake pambali. Ukadzapitirira kamzereko, diso la aliyense lidzaona. Kaundula wotere ateteza mwini nyumba, atetezanso kampani.

MWINI CHIGAYO SI MDANI

Mwini chigayo kawirikawiri ndi mnzathu wa m'mudzi momwemo, ndipo mwina ali m'nthambi mwathu. Iyeyu amve kuti muyeso womwewu ndi bwenzi la thumba lake.

Amakanika akale ankaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, khutu nkuliika ku chigwiriro, namva pamene pali matenda. Mainjiniya a lero achita zomwezo ndi kachipangizo kochepa ngati chala chachikulu, komatidwa pa makina. Nzeru yake idachokera kwa abale awiri a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, amene adapeza mu 1880 kuti miyala ina yonyezimira ikafinyidwa itulutsa magetsi. Makina akanjenjemera, kamwala kali m'katimo kafinyidwa nikamasuka, ndipo kompyuta ilemba zonse.

Zolembedwazo amazipeta. Inu mudziwa kuti pa bwalo la gule ng'oma zilira pamodzi, koma woomba waluso amva mbalule payokha ndi mpanje paokha, nadziwa imene yafooka chikopa. Masamu ochita zimenezi adawalemba Joseph Fourier, wa ku France yemweyo, mu 1822: phokoso losakanikirana amaligawa m'magawo ake, lililonse ndi maulendo ake pa sekondi. Tiyerekeze shafuti ya chigayo izungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndiko kuti 50 pa sekondi. Nyundo zikatha mosiyana, mbali ina nkulemera, kunjenjemera kudzakula pa 50 pomwepo. Beringi ikayamba kudyeka, chizindikiro chake chioneka pa maulendo ochuluka kwambiri, khutu lisanamve kanthu. Mafakitale aakulu ndi nyumba zopangira magetsi asamalira makina awo motere, nakonza chinthu chisanathyoke.

Phunziro kwa mwini chigayo n'lapafupi. Makina olira mopitirira ndi onjenjemera mopitirira ndi makina odwala. Kusintha nyundo zonse pamodzi kuti zilingane kulemera, kumanga mabawuti, kuika mphira pansi pa makina, kukonza paipi ya utsi ya injini, zonsezi zichepetsa phokoso ndi kutalikitsa moyo wa chigayo. Kugula zotseka m'makutu za anyamata ake sikungafanane ndi mtengo wa shafuti yothyoka.

KWA ONENA KUTI SITINGATHE

Ena adzati izi ndi za anthu ophunzira, ndipo zipangizo zake n'zodula. Ndiwayankha motere. Muyeso woyamba uli pa thupi lanu: ngati muyenera kufuula kuti munthu woima pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokoso lafika kale cha m'ma 85. Wachiwiri uli m'thumba la ana athu. Foni za masiku ano zili ndi maikolofoni, ndipo pali mapulogalamu aulere oonetsa madesibelo. Nambala ya foni siilingana ndi ya chipangizo chenicheni choyesedwa bwino, koma ikwanira kuyamba nayo nkhani. Muyeso weniweni alipire ndi mwini ntchito, pakuti wobweretsa phokoso ndiye.

Malamulo nawo sali chete. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loika pa olemba ntchito udindo wosamala chitetezo ndi thanzi la antchito awo. Mu 2017 idakhazikitsa lamulo la zachilengedwe, limene lifuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe, kuti zidziwike zimene zidzachita kwa anthu ndi malo awo, ndipo lidabala bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi. Pa kuunika kotere anthu okhudzidwa amafunsidwa maganizo. Mpata ulipo, koma tikapita ku misonkhano yotere kukangomvera ndi kulandira botolo la zakumwa, tidzasaina chimene sitidachiwerenge.

Enanso adzati tithamangitsa chitukuko. Kodi wogula woona adathawapo msika chifukwa alimi ayang'ana pa sikelo? Wothawa diso la mlimi ndi uja wa sikelo yokhota, ndipo ameneyo akachoka mudzi sulira.

ZOTI NTHAMBI ICHITE

Choyamba, pakamveka kuti kubwera kwale, mgodi kapena msewu, wapampando ndi mlembi apite kwa mafumu kuti apemphe pamodzi kaundula wa nyumba ndi muyeso wa phokoso ntchito isanayambe. Kope imodzi ikhale kwa mfumu, ina kwa mlembi.

Chachiwiri, chipangizo chiikidwe pa nyumba yoyandikana kwambiri ndi pophulitsira, osati pa ofesi ya kampani kapena kuseri kwa phiri. Anthu awiri osankhidwa ndi mudzi, bambo ndi mayi, akhalepo poika ndi powerenga, ndipo alandire pepala la manambala tsiku lomwelo.

Chachitatu, mlembi asunge buku la tsiku ndi ola la kuphulika kulikonse, ndi zimene anthu adaona. Tikatero, pepala la kampani likadzasowa tsiku lina, buku lathu lidzafunsa.

Chachinayi, malire amene kampani ilonjeza alembedwe m'pangano ndi manambala, pamodzi ndi chimene chidzachitike akawapitirira. Mawu akuti "tidzayesetsa" si nambala.

Chachisanu, tilankhule ndi eni zigayo a m'dera lathu ngati abale: anyamata avale zotseka m'makutu, azisinthana pa makina, ndipo amayi odikira ufa akhale panja, makamaka obereka ana kumbuyo. Chigayo chatsopano chisapatsidwe malo pafupi ndi sukulu kapena chipatala.

Munthu mmodzi wopita kwa eni ntchito ndi mng'alu wake abwezedwa pa chipata. Mudzi wopita ndi buku, masiku ndi manambala apatsidwa mpando. Mutu umodzi susenza denga. Nkhani iyi iwerengedwe pa msonkhano wa nthambi ukubwerawu, mokweza, kuti ndi agogo a ku Joni omwe aimve, ndipo musabalalike musanasankhe anthu awiri ogwira buku.